Kujombajomba kusukulu: zimene kaundula wa m'kalasi amadziwa za umoyo wa mudzi

Mu Januwale 2023, makolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre atagula kale makope ndi kuchapa mayunifolomu, boma linalengeza kuti sukulu za m'mizinda iwiriyi zisatsegulidwe kaye chifukwa cha kolera. Ana anakhala pakhomo masabata ena awiri. Mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu amene nyumba zawo zinapita ndi madzi. Pa nthawi ngati zimenezi palibe amene amafuna kufotokozeredwa kuti umoyo wa anthu ndi sukulu zimayendera limodzi. Wailesi yanena, zitseko zatsekedwa, aliyense waona.

Pali kutseka kwina kumene wailesi siinena. Belu likulira tsiku ndi tsiku, aphunzitsi alipo, koma mwana wina Lolemba sanaoneke, Lachinayi sanaoneke, sabata yamawa abwera masiku atatu okha. Dzina lake likadali m'kaundula, ndipo mukafunsa makolo ake akuuzani kuti mwana ali pasukulu. Sakunama ayi. Koma mutati muwerenge masiku amene wakhaladi m'kalasi, mupeza kuti kwa iyeyo sukulu inatsekedwa mwezi wathunthu popanda wolengeza. Chichokereni Covid-19 nkhani imeneyi ikumveka m'mayiko ambiri, ndipo kawirikawiri timaisokoneza ndi kusiya sukulu kapena kuthawa sukulu.

Kusiya, kuthawa ndi kujombajomba

Wosiya sukulu ndi amene wachokeratu: wakwatiwa, wapita ku Joni, wayamba kabaza, dzina lafufutidwa. Wothawa sukulu ndi uja amachoka pakhomo atavala yunifolomu n'kukathera kuvidiyo kapena kudambo, makolo osadziwa. Mawu oti kuthawa ali kale ndi mlandu mkati mwake. Chachitatu ndi chimene akatswiri a zamaphunziro amachitcha pa Chingerezi kuti chronic absenteeism, ife tingoti kujombajomba. Tanthauzo lake ndi la masamu: mwana amene waphonya masiku 10 kapena kuposerapo pa masiku 100 alionse a sukulu, chifukwa chake kaya n'chotani. Kaya anadwala, kaya anali kumaliro, kaya anabwezedwa chifukwa cha ndalama ya chitukuko, kaya anathawadi, tsikulo limawerengedwa chimodzimodzi.

Poyamba zimamveka ngati nkhanza. Mwana wogona ndi malungo mungamuike bwanji gulu limodzi ndi wothawa? Koma muyeso umenewu sunapangidwe kuti uweruze munthu. Phunziro la kugawa manambala limene linaphunzitsidwa Lachiwiri silifunsa chimene chinamuletsa mwana kubwera. Lamupita basi, ndipo la Lachitatu limaima pa lomwelo.

Masiku 10 pa 100 ndi ochepa kuposa mmene amamvekera. Mwezi wa sukulu uli ndi masiku pafupifupi 20, ndiye kuti masiku 2 okha pa mwezi akwana. Ku America, kumene muyesowu unatchukira, chaka cha sukulu chimakhala ndi masiku pafupifupi 180, ndipo malire amawaika pa masiku 18. Mwana amene wajomba chonchi kuyambira Sitandade 1 mpaka 8 amafika pa mayeso a MANEB atataya pafupifupi chaka chathunthu. Zili ngati thumba la chimanga lobooka pang'ono kunsi: m'njira simuona kanthu, pofika kuchigayo chitini chimodzi palibe.

Vutoli limabisalanso m'ziwerengero zooneka bwino. Sukulu ikhoza kunena kuti tsiku lililonse ana 90 pa 100 amabwera, aliyense n'kuwomba m'manja. Koma ngati 10 osowawo amangosinthana pakati pa ana 30 omwewo, aliyense mwa iwo akuphonya tsiku limodzi pa masiku atatu alionse. Mayiko amene amawerenga mwana mmodzimmodzi ndi amene amaona kukula kwake. Ku America, Covid-19 isanabwere, ana pafupifupi 15 pa 100 anali ojombajomba. M'chaka cha sukulu cha 2021 mpaka 2022 anafika pafupifupi 28 pa 100. Kwathu kuno ziwerengero zimene timamva kawirikawiri ndi za olembetsa, obwereza kalasi ndi osiya. Izi zili ndi mbiri yake. Mu 1994, maphunziro a pulayimale atakhala aulere, ana olembetsa analumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo tinazolowera kuyeza chipambano ndi mayina olembedwa m'buku.

Matenda amene amadya masiku

Woyamba kutchulidwa ndi malungo, ndipo apa pali chinthu chimene ambiri sitichiganizira. Kafukufuku wa m'sukulu za pulayimale ku Zomba, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anapeza tizilombo ta malungo m'magazi a ana 60 pa 100 alionse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi magazi ochepa. Ana amenewa anayezedwa ali pasukulu, osati pa bedi la chipatala. Mwana wa msinkhu umenewu thupi lake linazolowera pang'ono, moti malungo samugwetsa nthawi zonse ngati khanda. Amangomva mutu, kuphwanya thupi, tulo m'kalasi. Lero agona, mawa adzuka, mkuja agonanso.

Chithandizo chathu cha kumudzi chinamangidwa poganizira amene malungo amawapha msanga, ndipo m'pomveka. Mwana wosakwana zaka 5 ali ndi sikelo, ali ndi kachipatala ka m'mudzi kumene mlangizi wa zaumoyo amamuyeza ndi kumupatsa LA. Mayi woyembekezera amalandira neti. Wa zaka 10 ali pakati: kusikelo anatulukako, pagulu la akulu sanafike. Neti ikakhala imodzi m'nyumba imapita kwa mayi ndi khanda, iye agona pamphasa pabalaza kapena kugowelo. Akadwala amamugulira Panado paokala, chifukwa kuchipatala n'kutali ndipo pamzere pamatha tsiku. Tizilombo timakhalitsa m'magazi mwake, udzudzu n'kumatitenga pamenepo kukapatsira khanda lomwe lija. Ofufuza a malungo kuno ku Malawi akhala akunena kuti ana a sukulu ndi nkhokwe yaikulu ya tizilomboti m'mudzi. Choncho mpando wopanda munthu m'kalasi ukunena za udzudzu wa mudzi wonse.

M'mphepete mwa nyanja, ku Mangochi, Salima, Nkhotakota, ku Chilwa ndi m'madera olima mpunga, pali likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu la wosamba, wochapa kapena wowedza. M'madera ena kukodza magazi kunafala mwakuti anyamata amakutenga ngati chizindikiro cha kukula. Likodzo ndi njoka zam'mimba sizigonetsa mwana mwadzidzidzi. Zimamudya pang'onopang'ono, magazi n'kumachepa, mphamvu yoyenda makilomita angapo m'mawa n'kumatha.

Njala si matenda a kuchipatala, koma pa kaundula imaoneka ngati mliri. Kuyambira Januwale mpaka Malichi nkhokwe zatha, chimanga chili m'munda, mitsinje yadzaza, udzudzu wachuluka, ndipo zonsezi zimagwera teremu imodzi. Mwana amene wagona ndi njala amasankha pakati pa kalasi ndi ganyu yopalira, ndipo ganyu imalipira madzulo omwewo. Chaka ngati 2024, pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño, nyengo imeneyi imayamba msanga n'kutha mochedwa. N'chifukwa chake phala la kusukulu si nkhani ya m'mimba yokha. Bungwe la Mary's Meals linayambira kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, ndipo tsopano limadyetsa ana oposa 1 miliyoni m'dziko muno. Ganizo lake n'lapafupi: kapu ya Likuni Phala ikhale kusukulu, kuti kupita kukalasi ndi kupeza chakudya ukhale ulendo umodzi.

Nthawi zambiri wodwala si mwanayo. Mayi akagonekedwa ndi khanda kuchipatala, wina ayenera kuphikira otsala, kutunga madzi, kuyang'anira agogo, ndipo kawirikawiri ndi mtsikana wamkulu wa pakhomopo. Bambo akadwala nthawi yolima, khasu lawo limagwera mnyamata. Maliro a m'mudzi amadya masiku awiri kapena atatu. Mphunzitsi nayenso ndi munthu wa m'mudzi womwewo: akadwala kapena akakhala gadiyani, ana amabwera n'kupeza palibe wowaphunzitsa, ndipo mawa lake ena saonanso chifukwa chodzukira.

Palinso ana amene matenda awo ndi okhalitsa. Wa khunyu akagwa kamodzi pabwalo, anzake amamuthawa poganiza kuti n'zopatsirana, zimene si zoona, ndipo manyazi amamusunga pakhomo kuposa matendawo. Wa mphumu amavutika nyengo yozizira ndi ya fumbi. Amene ali pa ma ARV ali ndi masiku okatenga mankhwala, komanso mantha oti anzake adziwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene magulu a achinyamata otere, otchedwa Teen Club, amakumanira Loweruka. Wosaona bwino pabolodi amatchedwa mbuli mpaka amatopa. Ana achialubino ena anasungidwa pakhomo m'zaka zimene kuphedwa ndi kubedwa kwawo kunachuluka, makolo poopa njira ya kusukulu. Ndipo pali nkhawa ndi mantha a mwana amene akuzunzidwa kunyumba kapena kusekedwa m'kalasi. Ameneyu m'mawa amangoti m'mimba mukupweteka.

Nanga msambo? Nkhani imeneyi imatchulidwa kwambiri, ndipo ndi yeniyeni: ululu, kusowa zodzitetezera, chimbudzi chopanda chitseko ndi madzi. Mu 2022 boma linachotsa msonkho wa 16.5 pa 100 pa mapadi. Komabe kafukufuku wa ku Machinga ndi Balaka, wotuluka mu 2013, anapeza zinthu ziwiri zimene ziyenera kunenedwa pamodzi. Mtsikana mmodzi mwa atatu ananena kuti anaphonya tsiku limodzi kapena kuposerapo pa msambo wake womaliza. Koma pophatikiza masiku onse ojomba, msambo unali kagawo kochepa, ndipo atsikana sankajomba kuposa anyamata. Izi sizikutanthauza kuti mapadi ndi zimbudzi zabwino n'zosafunika. Ulemu wa mwana suyezedwa ndi kaundula yekha. Zikungosonyeza kuti masiku ambiri akutayikira kwina.

Kujomba nakonso kumadwalitsa

Mpaka pano taona matenda akutulutsa mwana m'kalasi. Mbali inayo iliponso, ndipo ndi imene imachititsa a zaumoyo kuchita chidwi ndi kaundula wa aphunzitsi.

Sukulu ndi malo amene boma limapezera ana ambiri nthawi imodzi. Mankhwala a likodzo ndi a njoka zam'mimba amagawidwira kumeneko. Katemera woteteza atsikana ku khansa ya khomo la chiberekero, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, amadalira kwambiri sukulu, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri. Tsiku limene mankhwala abwera, amene palibe ndani? Mnyamata uja amene wachezera kukoka usipa, amene amakhala m'madzi kuposa anzake onse. Amene akufunika mankhwala kwambiri ndi amene akuphonya, ndipo apitiriza kutayira mazira a likodzo m'madzi amene anzake omwa mankhwala aja adzasambamo mawa.

Zotsatira zina zimatenga zaka. Wojombajomba amatsalira, wotsalira amabwereza, wobwereza kawiri katatu amakula msinkhu kuposa kalasi yake. Mtsikana wa zaka 15 amene akadali Sitandade 5 pakati pa tiana, akauzidwa za banja, alibe zambiri zomugwira. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Mimba ya msinkhu umenewu ili ndi zoopsa zake kwa mayi ndi mwana. Ndipo maphunziro a mayi amafika mpaka kwa ana ake: ofufuza amene anasanthula mayiko 175 anayerekezera mu 2010 kuti pafupifupi theka la kuchepa kwa imfa za ana aang'ono pakati pa 1970 ndi 2009 linabwera chifukwa cha kukwera kwa maphunziro a amayi. Mayi wowerenga amamva zolembedwa m'buku la kuchipatala, amadziwa tsiku la katemera, saopa kufunsa namwino.

Apa m'pofunika kusamala. Mvula ikagwa achule amalira ndipo udzu umamera, koma si achule amene ameretsa udzu. Umphawi umabweretsa matenda, umabweretsanso kujomba, moti kuona ziwirizi pamodzi sikutsimikiza kuti china chabala chinzake. Pofuna kusiyanitsa, ofufuza amafunafuna malo amene sukulu inasintha koma zina zonse n'kukhala chimodzimodzi. Ku Botswana, kusintha kwa ndondomeko ya sekondale mu 1996 kunachititsa kuti ana ambiri akhale pasukulu chaka chimodzi chowonjezera. Atawatsatira atakula, ofufuza anapeza kuti chaka chimodzi chowonjezeracho chinachepetsa chiopsezo chotenga HIV ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Zimene zayesedwa, ndi zimene zinadabwitsa

Njira ina ndi ya maere: sukulu zina zilandire chithandizo, zina zidikire, kenako muyerekeze. Ku Busia, m'dziko la Kenya, Edward Miguel ndi Michael Kremer anatsatira sukulu 75 zimene zinayamba kulandira mankhwala a njoka zam'mimba motsatizana, gulu ndi gulu, kuyambira 1998. Anapeza kuti kujomba kunachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ngakhale ana osamwa mankhwala anapindula chifukwa tizilombo tinachepa m'dera. Zimenezi zinachititsa mayiko ambiri kuyamba kugawa mankhwalawa m'sukulu. Mu 2015 akatswiri ena a ku London anabwereza masamu ake, napezamo zolakwika zina, n'kunena kuti umboni wake si wolimba monga unkamvekera. Eni kafukufukuyo anayankha kuti mfundo yaikulu sinasinthe. Mkanganowo sunathe kwenikweni.

Za kwathu n'zophunzitsa kwambiri. Pakati pa 2013 ndi 2015, m'sukulu 58 za ku Zomba, theka la sukuluzo linalandira bokosi la mankhwala, ndipo aphunzitsi anaphunzitsidwa kuyeza malungo pobaya chala ndi kupereka mankhwala pomwepo. Ana anaikonda njirayi, ankapita ambiri kukayezetsa. Aliyense akanayembekezera kuti kujomba kuchepa. Poyerekeza ndi sukulu zopanda bokosi, sipanaoneke kusiyana. Bokosilo linathandiza ana odwala kupeza mankhwala pafupi, chimene n'chabwino pachokha, koma linachotsa mwala umodzi panjira ya miyala yambiri.

Ku Zomba komweko, mu 2008 ndi 2009, atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi. Ena ankalandira pokhapokha mtsikana akapezeka m'kalasi masiku 80 pa 100, ena ankangolandira popanda lamulo. Ndalama ya lamulo ndi imene inasunga atsikana ambiri pasukulu. Koma yopanda lamulo ndi imene inachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati, chifukwa mtsikana amene anasiya sukulu ankalandirabe, osafunikira kudalira mwamuna. Patatha miyezi 18, HIV inapezeka mwa atsikana 1.2 pa 100 a m'gulu lolandira, poyerekeza ndi 3 pa 100 a m'gulu losalandira. Ndalama zitasiya kubwera, zambiri mwa zabwinozi zinazilala m'zaka zochepa. Amene amakonda malamulo okhwima ndi amene amakonda chithandizo chopanda lamulo, onse amapezamo powiringulira m'kafukufuku ameneyu.

Mkangano womwewo uli m'midzi. Lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo a m'dera: mwana akapezeka kumsika kapena kunyanja nthawi ya sukulu, kholo lilipe nkhuku kapena mbuzi. Si ife tokha. Ku England kholo likhoza kulipitsidwa mapaundi 80 mwana akajomba popanda chilolezo. Ochirikiza chindapusa amati chimadzutsa makolo olekerera, makamaka pa masiku a msika ndi nthawi ya zinamwali. Otsutsa amati banja limene mwana wajomba chifukwa cha njala kapena matenda, kulilanda nkhuku n'kulikankhira pansi. Magulu a amayi a pasukulu, aja amadziwika kuti mother group, amatenga njira ina: kupita kunyumba kukafunsa. Amafika pakhomo n'kupeza mayi ali gone, kapena yunifolomu inang'ambika, kapena mwana akuopa mphunzitsi wina wake. Njirayi imadalira nthawi ndi mtima wa anthu osalipidwa.

Kaundula ndi mlangizi wa zaumoyo

Njira zonsezi zimayambira pa chinthu chimodzi chotopetsa: kuitana mayina tsiku lililonse ndi kuwerenga masiku a mwana aliyense payekha. Kwa mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ali ndi ana oposa 100, ena atakhala pansi pa mtengo, kuitana mayina kokha kumadya gawo la phunziro loyamba. Sizodabwitsa kuti ena amangowerenga mitu. Koma kuwerenga mitu kumauza kuti lero kwabwera angati, osati kuti amene sanabwere ndani, wa mudzi uti, ndipo kachingati. Kumene amasunga bwino ziwerengerozi anaona kuti mwana amene wajomba masiku angapo mwezi woyamba wa chaka ndi amene nthawi zambiri amadzajombajomba chaka chonse, choncho masabata oyambirira ndiwo ofunika kuwayang'anitsitsa.

M'mayiko ena a zaumoyo amayang'ana kujomba kwa ana kuti adziwe msanga ngati chimfine chayamba kufala. Nzeru yomweyo ingagwire ntchito pa kutsegula m'mimba, mphere kapena chikuku. Ana 15 a mudzi umodzi akasowa sabata imodzi, kaundula amadziwa chipatala chisanadziwe, chifukwa ambiri mwa iwo sapita kuchipatala n'komwe. Chovuta n'chakuti buku limeneli limakhala mu ofesi ya ahedi ndipo malipoti ake amapita ku Unduna wa Zamaphunziro, pamene mlangizi wa zaumoyo, amene amayenda m'midzi yomweyo pa njinga, malipoti ake amapita ku Unduna wa Zaumoyo. Pali ndondomeko ya zaumoyo ndi kadyedwe m'sukulu imene cholinga chake n'kulumikiza mbali ziwirizi, ndipo sukulu zambiri zili ndi mphunzitsi woyang'anira zimenezi. Mphunzitsiyo alinso ndi kalasi yakeyake yoti aitane mayina m'mawa uliwonse.